Mlandu wa Didymus Wakhungu

Akulu amati mlandu suola. Ndi mau amenewa amacenjeza munthu wopalamula kuti angakhale athawire kutsidya kwa nyanja, nakhala komweko kufikira imvi zitamera, tsiku lobwerera kwao adzapeza mlandu wace uli kumdikira pabwalo. Koma akulu omwewo anali ndi lamulo lina losalembedwa, lakuti mlandu sazenga mwini wace palibe. Amayamba amwitana, nampatsa mpata kuti anene za kukhosi kwace, ndipo ngati ali munthu wosadziwa kulankhula pagulu, mbale wace amamlankhulira. Mlandu wa Didymus, mphunzitsi wa ku Alexandria m'dziko la Egypt, unatsata mau oyambawo koma unaswa lamulo laciwirilo. Sunaole, pakuti unazengedwa m'caka ca 553, mwini wace atagona m'manda zaka pafupi-fupi 155. Ndipo pa tsiku lozenga panalibe iye, panalibe wophunzira wace, ngakhale munthu amene anaonapo wophunzira wace.

Dzina la Didymus silimveka kawiri-kawiri, ngakhale pakati pa anthu okonda kuwerenga mbiri ya Mpingo. Anabadwa ca m'ma 313, caka cimene mafumu a Roma analola Akristu kupembedza poyera patatha zaka khumi za mazunzo oopsa. Mzinda wa kwao, Alexandria, unali doko lalikulu m'mphepete mwa Nyanja ya Mediterranean, kumene zombo zinali kunyamula tirigu wa Egypt kunka naye kutsidya, ndipo unali wochuka cifukwa ca mabuku ndi anthu ophunzira. Mwana wobadwira m'mzinda wotere anali ndi mwai ndithu. Koma Didymus ali ndi zaka zinai zokha anacita khungu, asanadziwe ndi cilembo cimodzi comwe. M'masiku amenewo mwana wosaona kawiri-kawiri njira yace inali imodzi, ndiyo kukhala pacipata ca mzinda ndi kambale m'manja.

Iye sanapite pacipata. Wolemba mbiri wina, dzina lace Sozomen, akuti Didymus anadziwa zilembo pozikhudza ndi zala, zitazokotedwa mozama pathabwa. Panapita zaka 1,500 kuti Louis Braille wa ku France, amenenso anacita khungu ali mwana, apeze njira ya timadontho totumphuka imene osaona amawerengera lero. Thabwa la Didymus linatha kumdziwitsa maonekedwe a zilembo, koma silikadatha kumpatsa buku. Mabuku onse anawalandira ndi makutu. Munthu wina anali kukhala pambali pace ndi kumwerengera, iye ali kuchera khutu. Rufinus, amene anaphunzira kwa iye zaka zambiri, akuti usiku owerengawo akatopa nagwa tulo, Didymus sanali kugona, koma anali kubwereza mumtima zonse zimene anamva, monga ng'ombe ibzikula msipu m'khola, kufikira mauwo atakhazikika ngati olembedwa m'mutu mwace. Potero anadziwa Malembo Oyera pamtima, Cipangano Cakale ndi Catsopano, nadziwanso malamulo a cinenero ca Cigriki, luso la kutsutsana, masamu, za nyenyezi, ngakhale nzeru ya kuyesa mizere ndi ngodya, imene imabvuta ana a sukulu ali ndi maso awiri ndi bolodi patsogolo pao.

Nkwapafupi kusandutsa nkhani yotere mkwapulo wokwapulira aulesi, ndi kumauza mnyamata amene walekeza sukulu panjira kuti ngati wakhungu anatha, iye alibe ponamizira. M'mau otere muli coonadi pang'ono, koma muli kuiwalanso cinthu cacikulu. Didymus sanaphunzire yekha. Tsamba lililonse limene linalowa m'mutu mwace linadzera pakamwa pa munthu wina amene anataya nthawi yace, nauma kukhosi powerenga mpaka nyali itazima. Liu lililonse limene iye analemba, analilemba ndi dzanja la mlembi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la Didymus linasenzedwa ndi mitu yambiri imene maina ace mbiri inawataya.

Pali nkhani imodzi ya pa moyo wace imene olemba akale anaikonda koposa zonse. Antony, mkulu uja amene anasiya cuma cace nakakhala yekha m'cipululu ca Egypt, anadza ku Alexandria, nakaceza kwa Didymus. Monga Jerome anasimbira m'kalata imene analembera munthu wina wakhungu, Antony ataona nzeru za mnzaceyo anamfunsa ngati khungu lace linali kummvetsa cisoni. Didymus anacita manyazi, nakhala cete. Antony anafunsa kaciwiri, iye ali cete. Pa kufunsa kwacitatu mpamene anaulula kuti inde, cinthuco cinali kumuwawa. Pamenepo Antony anamuuza kuti nkosayenera munthu wanzeru kulira maso amene nyerere, nchenche ndi udzudzu zomwe zili nao, pamene iye ali ndi maso ena amene oyera mtima okha ndiwo amapenyera.

Anthu ambiri posimba nkhani iyi amatama yankho la Antony, ndipo nzoona kuti linali yankho la munthu wodziwa kutonthoza. Koma colemera kwenikweni m'nkhaniyi ndi kukhala cete kuja, ndi cibvomerezo cimene cinatsatira. Munthu wochuka ndi kupembedza akafunsidwa funso lotere pamaso pa mlendo wolemekezeka, lilime limafulumira kunena kuti zonse nza Mulungu ndipo mtima uli m'malo. Didymus sanafune kunama, ndipo sanafune kudandaula. Anayesa kuthawira m'kukhala cete, koma atapanikizika ananena zimene zinali mumtima. Uyu anali munthu amene funso lowawa sanali kuliphimba ndi mau okoma. Khalidwe lomweli ndilo linamkweza kukhala mphunzitsi wamkulu, ndipo ndilo linadzampalamulitsa mlandu.

Zaka za ukulu wace zinali zaka za mkangano waukulu mu Mpingo. Arius, wansembe wa mu Alexandria momwemo, anaphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu ndi wolengedwa, ndi kuti panali nthawi imene Iye kunalibe. Msonkhano wa mabishopu ku Nicaea m'caka ca 325 unakana ciphunzitso cimeneci, koma mkangano sunathe, ndipo Athanasius, bishopu wa Alexandria, anapitikitsidwa pa mpando wace kasanu cifukwa ca kulimbikira zimene anapangana ku Nicaea. Pa nkhondo yonseyi Didymus anaima ndi Athanasius osagwedezeka. Analembetsa buku lonena za Mzimu Woyera, losonyeza kucokera m'Malembo kuti Mzimuyo sali wolengedwa koma ali mmodzi ndi Atate ndi Mwana. Sanali bishopu, sanali wansembe. Anali Mkristu wamba wokhala m'kacipinda kace, ndipo anthu anali kudza kwa iye. Palladius, mmonke amene pambuyo pace anadzakhala bishopu, anamcezera kanai m'zaka khumi. Rufinus wa ku Italy anakhala pa mapazi ace zaka pafupi-fupi zisanu ndi zitatu. Jerome, amene anadzamasulira Baibulo m'Cilatini, anadza m'caka ca 386 ali kale munthu wodziwika, nakhala ngati mwezi umodzi ali kufunsa mfundo zobvuta za m'Malembo. Anacoka ali wokondwa, namucha mphunzitsi waceyo Didymus wopenya. Anamasulira buku lija la Mzimu Woyera m'Cilatini, napemphanso nkhalambayo kuti imlembere buku lomasulira mneneri Zekariya. Ndipo Didymus anamlembetsera mabuku asanu.

Tsono munthu angafunse kuti mlandu unalowera pati, popeza pa nkhani yaikulu ya nthawi yace anali kumbali imene inapambana. Unalowera kwa mphunzitsi amene Didymus sanakomane naye konse, ndiye Origen. Origen anaphunzitsa mu Alexandria zaka zana Didymus asanayambe, namwalira ca m'ma 254 atazunzidwa m'ndende cifukwa ca cikhulupiriro. Palibe Mkristu wa zaka zoyambazo amene anamasulira Malembo kwambiri monga iye. Anasiyanitsa zinthu ziwiri: zimene atumwi anaphunzitsa poyera, zimene Mkristu aliyense ayenera kuzigwira, ndi zimene atumwi anazisiya osazimasula, zimene munthu wophunzira angathe kuzifufuza. Pa zinthu zaciwirizi Origen anayenda patali, ndipo Didymus anamtsata, nalembetsanso mau omteteza kwa anthu amene anali kumneneza.

Funso limene linawabvuta onse awiri ndi funso limene mai aliyense wa kumudzi amalidziwa. Ana awiri abadwa usiku umodzi. Wina m'nyumba ya mfumu, wina m'nyumba ya kapolo. Wina wamphumphu, wina wopunduka. Wina adzaona adzukulu, wina sadzatha sabata. Ngati Mulungu ali wolungama, kusiyana kumeneku kucokera kuti, popeza onse awiri sanacite kanthu? M'masiku amenewo kunali magulu ena amene anali kuyankha kuti alipo milungu iwiri, wabwino ndi woipa, kapena kuti anthu ena analengedwa oipa cibadwire, kapena kuti nyenyezi ndizo zilamulira moyo wa munthu. Origen anakana mayankho onsewa, pakuti anafuna kusunga zinthu ziwiri, cilungamo ca Mulungu mmodzi ndi ufulu wa munthu wa kusankha. Cotero anaganiza kuti Mulungu analenga mizimu yonse ya anthu kale-kale, dziko lino lisanakhalepo, yonse yolingana ndi yaufulu. Kuti mizimuyo inazirala m'cikondi cace pa Mulungu, wina kwambiri, wina pang'ono. Ndi kuti moyo wa m'thupi uli ngati sukulu kapena cipatala kumene mzimu uliwonse upatsidwa malo oyenera nthenda yace, ngakhale kuti ilipo mizimu ina imene imatsika osati cifukwa ca kulakwa koma kudzathandiza inzace. Ndipo popeza cilango ca Mulungu ndi mankhwala, anayembekeza kuti potsiriza pace, ngakhale patapita nyengo zosawerengeka, zolengedwa zonse zidzacira ndi kubwerera kwa Mwini wace.

Tsiku lina Rufinus anafunsa mphunzitsi wace cifukwa cace makanda amafa. Ngati mizimu imalandira thupi kuti ikonzedwe, nanga khanda limene lapuma masiku awiri lakonzedwa ciani? Didymus sanambweze ndi mau akuti zimenezo nzobisika. Anamlembetsera kabuku, ndipo yankho lace linali lakuti mizimu yotere sinacimwe kwambiri, kotero kuti kungokhudza ndende ya thupi kunaikwanira.

Yankho ili liyenera kuyesedwa mbali zonse ziwiri. Mbali imodzi ndi yankho lacifundo. Kwa mai amene waika khanda lace, linena kuti mwanayo sanatayike ndipo sanalangidwe, koma anali woyera kuposa otsala, nacoka msanga cifukwa analibe zambiri zoti akonze. Koma likatembenuzidwa limaluma. Ngati kufa msanga ndi cizindikiro ca mlandu wocepa, nanga kubadwa wopunduka ndi kukhala moyo wautali m'mabvuto ndi cizindikiro ca ciani? Ciphunzitso cimene cinayamba ndi kufuna kucotsa mlandu pa Mulungu cimatha ndi kuusenzetsa mwana wosadziwa kanthu, mlandu umene iye saukumbuka ndipo sangathe kuukana. Mu Uthenga wa Yohane, mutu 9, ophunzira anafunsa Yesu za munthu wobadwa wosaona, ngati anacimwa ndi iyeyo kapena makolo ace, ndipo Yesu anakana zonse ziwiri. Didymus anali kuidziwa pamtima ndime imeneyi, ndipo anali kuimva iwerengedwa ali mumdima umene unamgwera ali ndi zaka zinai. Munthu wopenya akamaphunzitsa kuti zowawa za pa kubadwa zili ndi muzu m'moyo wina wakale, womvera angamuyese wouma mtima. Koma pamene wonena zimenezo ali wakhungu amene anabvomera pamaso pa Antony kuti khungulo limuwawa, mauwo amveka mwina. Amveka ngati a munthu amene anasankha kuti ngati payenera kupezeka wolakwa, wolakwayo asakhale Mulungu.

Mpingo sunalakwe pokana ciphunzitso cimeneci. Malembo sanena kuti munthu anakhalako asanabadwe, ndipo ciphunzitso coyesa thupi ndende cimabvutana ndi Genesis, amene anena kuti zolengedwa zinali zabwino, ndiponso ndi ciyembekezo ca kuuka kwa thupi. Koma pa nthawi ya Didymus malire a nkhani imeneyi anali asanaikidwe. Augustine wa ku Hippo, amene anamwalira m'caka ca 430, anabvomera kufikira ukalamba wace kuti funso la kumene mzimu wa munthu umacokera linamkanika. Didymus analima m'thengo lopanda mwini. Amene anadza pambuyo ndiwo anakhoma zikhomo, napeza kuti munda wace uli kunja.

Anamwalira ca m'ma 398 ali ndi zaka 85, mu mtendere ndi Mpingo, wolemekezedwa ndi onse. Akadakhala zaka ziwiri zokha akadaona zoopsa. Mkangano wa Origen unali utabuka kale ku Palestine, ndipo m'zaka za 399 ndi 400 Theophilus, bishopu wa Alexandria, amene poyamba anali kukonda mabuku a Origen, anatembenuka mwadzidzidzi, natsutsa ciphunzitsoco, napitikitsa amonke ambiri ku Nitria, m'cipululu ca kumwera kwa Alexandria. Ophunzira awiri aja a Didymus, Jerome ndi Rufinus, amene anali mabwenzi kuyambira unyamata wao, anasanduka adani, nalemberana mabuku onyozana amene akalipo mpaka lero. Rufinus anatsala kumbali ya Origen. Jerome anaoloka, nayamba kunena kuti pa za Utatu Woyera Didymus anali wolungama, koma pa zina anali mtetezi wa poyera wa Origen. Ndipo kabuku kaja konena za makanda kadziwika lero cifukwa Jerome anakachula pofuna kucititsa Rufinus manyazi. Yankho limene nkhalamba inapereka kwa wophunzira mmodzi linasanduka mwala m'dzanja la wophunzira wina.

Komabe dzina la Didymus linakhala losatembereredwa zaka zina 150. Cimene cinautsa mlandu ndi mkangano wa amonke a ku Palestine m'masiku a mfumu Justinian, amene analamulira ku Constantinople kuyambira 527 kufikira 565. Amonke ena anatenga maganizo a Origen ndi a Evagrius wa ku Pontus nawapititsa patali koposa, ndipo anzao anakadandaula kwa mfumu. Justinian anali mfumu yokonda kuweruza nkhani za cipembedzo monga aweruzira nkhani za msonkho. M'caka ca 543 anaturutsa lamulo lotsutsa Origen, ndipo m'caka ca 553 anaitanitsa msonkhano waukulu wa mabishopu ku Constantinople. Nchito yaikulu ya msonkhanowo inali kuweruza aphunzitsi ena atatu a ku Syria ndi maiko oyandikana nako, amenenso onse anali atafa kale. Motero funso lakuti kodi nkololeka kutemberera akufa linali litabuka msonkhano usanayambe. Wolemba mbiri wa zaka zomwezo akuti mmonke wina, dzina lace Eutychius, anayankha kuti nkhaniyo siifuna ndi kukambirana komwe, popeza mfumu Yosiya anafukula manda a ansembe a mafano natentha mapfupa ao. Yankholo linakondweretsa Justinian, ndipo mpando wa bishopu wa Constantinople utakhala wopanda munthu, anaupereka kwa Eutychius, amenenso anadzatsogolera msonkhanowo.

M'zolembedwa za msonkhano dzina la Origen lili pa mndandanda wa otembereredwa. Cyril wa ku Scythopolis, mmonke wa ku Palestine amene anali moyo pa nthawiyo, analemba kuti pamodzi ndi Origen anatsutsanso zimene Evagrius ndi Didymus anaphunzitsa za kukhalako kwa mizimu kubadwa kusanafike, ndi za kubwezeretsedwa kwa zonse. Misonkhano yotsatira inabwereza maina atatuwa pamodzi: ku Rome m'caka ca 649, ku Constantinople m'zaka za 680 ndi 681, ndi ku Nicaea m'caka ca 787. Motero wakhungu amene anaima ndi Athanasius pamene mabishopu ambiri openya anali kupepesuka ndi mphepo ya mafumu, anawerengedwa pamodzi ndi osoceretsa. Kutsutsa ciphunzitso kunali koyenera, ndipo kukadatheka popanda kukhudza munthu. Koma kutemberera munthuyo kunali kumuyesa wokanika, ndipo wokanika ndi amene wacenjezedwa nakana kumva. Didymus sanacenjezedwe ndi msonkhano uliwonse ali moyo.

Wakufa samangidwa ndipo sapitikitsidwa. Cilango cace cinagwera mabuku ace, ndipo sipanafunike moto waukulu. M'masiku amenewo makina osindikizira kunalibe. Buku linali kulembedwa ndi dzanja pa mapepala a gumbwa kapena pa zikopa, ndipo likakalamba, moyo wace unali m'dzanja la mmonke amene akalikopera pa mapepala atsopano. Kukopera buku limodzi kunali kudya miyezi, ndipo zikopa zinali za mtengo wapatali. Ndani akadataya miyezi yace pa buku la munthu wotembereredwa, limene likapezeka m'cipinda cace likamdzetsera mafunso? Alembi anangoleka, ndipo cinyezi ndi njenjete zinatsiriza nchito. Didymus anamasulira mabuku ambiri a m'Baibulo, koma zimene zinapulumuka zinali zocepa: buku la Mzimu Woyera m'Cilatini ca Jerome, kabuku kotsutsa otsata Mani, ndi zidutswa zimene alembi ena anazitola naziika m'mphepete mwa Malembo pamodzi ndi mau a aphunzitsi ena. Kwa zaka pafupi-fupi 1,400 Didymus anali dzina la m'nkhani za anthu ena, wakhungu uja amene Antony anamtonthoza.

M'caka ca 1941 Nkhondo Yaciwiri ya dziko lonse inali itafika kumpoto kwa Africa, ndipo asilikali a Britain amene anali ku Egypt anafuna malo obisapo zipolopolo ndi mabomba kumene ndege za adani sizikadatha kufika. Anasankha mapanga a ku Tura, kumwera kwa Cairo pang'ono, kumene anthu akale anali kusema miyala yoyera yokutira mapiramidi. M'mwezi wa Ogasiti anchito a ku Egypt amene anali kucotsa zinyalala ndi miyala m'phanga lina anapeza mulu wa mapepala a gumbwa olembedwa m'Cigriki, atakwiririka m'pfumbi. Dziko la Egypt ndi louma, ndipo pfumbi la m'phanga linasunga zimene nyumba za mabuku zinalephera kusunga. Anali masamba pafupi-fupi 2,000, olembedwa m'zaka za m'ma 500 ndi 600. Ena anali a Origen, koma ocuruka anali a Didymus: mabuku ace omasulira Genesis, Yobu, Masalmo, Mlaliki ndi Zekariya. Pafupi ndi mapangawo panali nyumba ya amonke ya Arsenius, ndipo akatswiri ambiri aganiza kuti mabukuwo anacokera kumeneko, munthu wina atawaturutsa pamene kuwasunga kunakhala koopsa. Ngati anali kuwataya, anasankha dzala labwino; ngati anali kuwabisa, anabisa mwanzeru.

Mabvuto a mabukuwa sanathere pomwepo. Opezawo anazindikira kuti atola ndarama, ndipo masamba ambiri anagwa m'manja mwa amalonda a zinthu zakale, amene anawagawa nawagulitsa pang'ono-pang'ono kuti apindule kwambiri. Cifukwa cace lero buku limodzi lili ndi masamba ena ku Cairo, ena ku Cologne m'dziko la Germany, ndi ena m'maiko ena, ndipo akatswiri anagwira nchito zaka makumi angapo kuwalondola ndi kuwalumikiza.

Mapepalawo atawerengedwa, sanamuyeretse Didymus monga okonda iye akadafunira. M'buku lomasulira Yobu ciphunzitso cija ca mizimu yokhalako kale cilimo ndithu; omzenga mlandu sanamnamizire. Koma anaulula cinthu cina cimene palibe anaciyembekeza. Buku la Zekariya, lomwe lija Jerome anapempha, linasindikizidwa ku Paris m'caka ca 1962, ndipo pamenepo kunatheka kuliika pambali pa buku limene Jerome mwini analemba pa mneneri yemweyo m'caka ca 406, mkangano wa Origen utapita kale. Kunapezeka kuti Jerome anatsata mphunzitsi wace wakaleyo pafupi kwambiri, ndime ndi ndime, natenga mafanizo ace ndi mavesi amene iye anasonkhanitsa. Buku la Jerome linakoperedwa ndi kuwerengedwa m'nyumba za amonke za ku Europe zaka zonse zija, popeza Jerome anali woyera mtima wolemekezeka. Amonke amene sakadakhudza buku la Didymus anali kudya nsima yace m'mbale ya munthu wina.

Mabuku a Masalmo ndi Mlaliki ndi a mtundu wina. Sali mabuku okonzedwa bwino kuti afalitsidwe, koma mau a m'kalasi, monga anaturukira pakamwa pa mphunzitsi, olembedwa ndi mlembi wa dzanja lofulumira amene anakhala pakati pa ophunzira. Mphunzitsi achula ndime, naimasulira, nabwereza zimene wanena kale, nalumphira ku buku lina la m'Baibulo limene ali nalo m'mutu, napereka fanizo la masamu kapena la nchito ya sing'anga. Ndipo kambirimbiri, pakati pa tsamba, mlembi aika cizindikiro cacifupi ca liu la Cigriki lotanthauza funso. Pamenepo wophunzira wina wadula mau a nkhalamba. Wina afunsa tanthauzo la liu limene lamdutsa. Wina ambwezera ku ndime imene waisiya kale m'mbuyo, popeza sanakhutire. Mlembi sanalembe maina a ofunsawo. Analemba funso lokha, ndipo pansi pace yankho la Didymus, lina lalifupi, lina lotalika, kenaka ndime yotsatira.